Theka la Mzungulo wa Nati: Kuseta Matapeti Oyendera Oyilo

[NYIMBO YOTSEGULIRA, KENAKA ITSIKE PANG'ONOPANG'ONO]

MUULUTSI: Yakwananso nthawi yoti tikambe za m'galaja. Lero tili pa kantchito kamene kamabwera kumapeto kwenikweni kwa ovaholo, msana utatopa, mwini galimoto atayamba kale kuimba foni kufunsa kuti adzatenge liti. Kantchitoko ndi kuseta matapeti oyendera oyilo, aja m'mabuku amawatcha hydraulic lifter, pa injini za galimoto zakale. Ndili ndi bambo amene akhala akumasula ndi kumanga mainjini kwa zaka zoposa 40, kuno kwathu ndi ku Joni komwe. Takulandirani, bambo.

MMISIRI: Zikomo mayi. Moni kwa amakaniko anzanga, makamaka anyamata amene angoyamba kumene kudetsa ovolosi.

MUULUTSI: Ndiyambe ndi funso limene ena ali nalo kale pakamwa. Timamva kuti matapeti amenewa amadziseta okha. Nanga inu mukusetanso chiyani?

MMISIRI: Amadziseta okha, inde, koma pokhapokha utawaika poyambira pabwino. Kuti zimveke, tiyambe taona ulendo wonse. Titenge injini ya Chevrolet V8 imene inatuluka mu 1955, ija amaitcha small-block, makamaka ya 350 imene inabwera mu 1967. Camshaft yake ili pansi, m'kati mwa buloko. Pa camshaft pali malinunda, ngati linunda la ng'ombe. Linunda likafika limakankha tapeti, tapeti imakankha pushirodi, ndodo yachitsulo ija, ndipo pushirodi imanyamula mbali imodzi ya roka. Roka ili ngati sikelo yakale ya pamsika: uku kukakwera, uko kumatsika. Mbali yotsikayo ndi imene imatsegula valuvu, ndipo linunda likadutsa sipuling'i imaitseka. Injini ikamazungulira ka 3,000 pa mphindi, valuvu iliyonse imatseguka ka 25 pa sekondi imodzi. Ndipo mavaluvuwo alipo 16.

MUULUTSI: Ka 25 pa sekondi! Munthu usanaphethire.

MMISIRI: Usanaphethire n'komwe. Tsono chitsulo chikatentha chimafutukuka. N'chifukwa chake pa injini zimene ambirife tinakulira, monga Land Rover ya malita 2.25, tinkasiya mpata pakati pa roka ndi valuvu. Pa Land Rover mpatawo unali 0.010 ya inchi, ndiye kuti kota ya milimita, ndipo tinkauyeza ndi feeler gauge. Dzanja lathu linazolowera zimenezo, kuti kuseta matapeti ndi kusiya mpata. Koma tapeti yoyendera oyilo sifuna mpata ngakhale wolowa tsitsi. Imafuna zosiyana ndi zimenezo. Imafuna uipanikize pang'ono injini isanalire n'komwe. Kupanikiza kumeneko ndi kumene kumatchedwa preload.

MUULUTSI: Tatitsegulireni tapetiyo tione za m'kati.

MMISIRI: Ndabwera nayo imodzi, nayi. Omvera sakuiona, koma kukula kwake kuli ngati chala chachikulu cha munthu wamkulu. Kunja ndi chitsulo chosalala. M'kati muli kapisitoni. Kunsi kwa kapisitoniko kuli kasipuling'i ndi kachipinda ka oyilo, ndipo pakhomo la kachipindako pali kampira kachitsulo kamene kamalola oyilo kulowa koma osabwerera. Pamwamba pali kambale kokhalapo pushirodi, ndiye pamwamba penipeni pali kawaya kotchinga kuti zonsezi zisatuluke.

Linunda likakhala kuti lapita, kasipuling'i kamakankhira kapisitoni m'mwamba mpaka mpata wonse utatha, oyilo n'kulowa kudzaza kachipinda kaja. Linunda likabwera, kampira kamatseka. Munayamba mwatengapo sirinji yodzaza madzi, n'kutseka kukamwa kwake ndi chala, n'kuyesa kukankha?

MUULUTSI: Siyenda. Imangoti gwa.

MMISIRI: Ndi momwemo. Oyilo wotsekeredwa safinyika, ndiye tapeti yonse imasanduka ngati chitsulo chimodzi, valuvu n'kutseguka. Nzeru imeneyi si yalero. Cadillac inali kale ndi njira yothetsera mpata ndi oyilo pa injini yake ya masilinda 16 mu 1930. Koma taonani pamene pagona nkhani. Kuti kapisitoni kagwire ntchito yake, kayenera kukhala ndi malo okwera ndi malo otsika. Kakakhala kotsamira kawaya ka pamwamba, sikangakwerenso kuti kathetse mpata. Kakakanikizidwa mpaka pansi, sikangatsikenso chitsulo chikafutukuka. Ntchito yathu ndi kukakhazika pakati, pamene kangapume.

MUULUTSI: Pakatipo ndi pati, tikanena m'manambala?

MMISIRI: Ambiri opanga ma camshaft ndi matapeti amati kapisitoni katsike pakati pa 0.020 ndi 0.060 ya inchi kuchoka pa kawaya. M'mamilimita ndi kuyambira theka la milimita mpaka milimita imodzi ndi theka. Pa Chevrolet sitiyeza ndi rula ayi, timawerenga kuzungulira kwa nati. Roka iliyonse ili pa bawuti yakeyake, ndipo bawutiyo ili ndi mazinga 24 pa inchi. Nati ikazungulira kamodzi imatsika milimita imodzi ndi kanyenyeswa. Ikazungulira theka imatsika theka la milimita. Koma kumbukirani sikelo ija. Mbali ya valuvu yaima, siikusuntha, ndiye kutsika konse kumapita ku mbali ya pushirodi, n'kuchulukirako. Theka la mzungulo wa nati limatsitsa kapisitoni pafupifupi 0.9 ya milimita, pakatikati pa muyeso uja. Mabuku akale a Chevrolet ankanena mzungulo wathunthu pa matapeti a kufakitale. Ambiri opanga zipangizo zatsopano amati theka. Choncho kapepala kamene kabwera m'bokosi la matapeti anu musakakulungire mabawuti. Kawerengeni. Safunsa anadya phula.

MUULUTSI: Theka la mzungulo basi? Ndiye zikumveka zosavuta.

MMISIRI: Theka lenilenilo ndi losavuta, ngakhale mwana akhoza. Chovuta ndi kudziwa poyambira kuwerenga thekalo. Pamenepo ndi pamene ndinagwa ine.

MUULUTSI: Tatiuzani, bambo.

MMISIRI: Ndinali mnyamata, ndangofika kumene ku Johannesburg, pa galaja ina imene sinditchula. Anandipatsa pikiapu yakale ya Chevrolet yokhala ndi 350. Tinali titamanga zonse, matapeti atsopano, opanda oyilo m'kati. Wina anali atandiuza kuti uzipota pushirodi ndi zala uku ukumanga nati, ikasiya kuzungulira ndiye kuti mpata watha. Ine zala zili noninoni ndi oyilo, ndikupota, ndikumanga, pushirodi ikuzungulirabe. Ndikumanga, ikuzungulirabe. Pamene inkaima n'kuti kapisitoni katafika pansi penipeni. Ine osadziwa, ndinawonjezeranso theka. Ndinachita zimenezo pa mavaluvu onse 16, n'kutseka makavala, mtima uli m'malo.

Titapotokola kiyi, sitata inangozungulira mopepuka, wiii, ngati mulibe mapulagi. Mavaluvu onse anali otseguka pang'ono, mpweya ukungothawa. Kenaka kabyuleta inalavula moto, phuu, nsidze zanga zinapsa. Mkulu wa pagalajapo sanakalipe. Anangonditengera sipanala, n'kutsegula kavala imodzi, n'kukhwefula nati imodzi, n'kugwira dzanja langa kuliika pa pushirodi. Anati ndisapote, ndiigwedeze chokweza ndi chotsitsa. Ndinamva kuti khwe, khwe, khwe. Iye akumanga pang'onopang'ono, kaphokoso kaja kakuchepa, kakuchepa, mpaka zii. Pamenepo anachotsa sipanala n'kundiyang'ana. Mpaka lero zala zanga zimakumbukira malo amenewo.

MUULUTSI: Ndiye kupota kuja kunakunamizani bwanji?

MMISIRI: Tapeti yopanda oyilo ili ndi kasipuling'i kofewa kwambiri. Mpata ukatha, pushirodi imayamba kukankha kapisitoni, koma kukanako n'kochepa, moti zala zoterera sizimva. Kugwedeza chokweza ndi chotsitsa sikunama, chifukwa mpata ulipo kapena palibe. Ungogwedeza mopepuka, osakanikiza, kuopa kutsitsa kapisitoni ndi dzanja lako lomwe. Ndipo ngati manifolodi ya pakati simunamange, yang'anani tapetiyo ndi maso. Mudzaona kambale kaja kakuyamba kusiyana ndi kawaya. Pamene kayambira kusiyanapo, ndi pomwepo.

[KANYIMBO KAKAFUPI]

MUULUTSI: Ngati mwangotsegula kumene wailesi yanu, tikukamba za kuseta matapeti oyendera oyilo pa injini zakale. Bambo, tsopano tiyendeni nayo ntchitoyi kuyambira poyamba, kuti amene ali ndi pensulo alembe.

MMISIRI: Choyamba chotsani waya wa batire, giya ikhale pa fulii, mapulagi onse atuluke kuti injini izizungulira mopepuka. Muziizunguza ndi dzanja, sipanala ili pa bawuti ya kutsogolo kwa crankshaft, osati ndi sitata. Konzani choko.

Chachiwiri, ndipo ichi n'chachikulu ngati chija cha zala: tapeti imene mukuseta ikhale kumsana kwa linunda, pamene camshaft ili yozungulira bwino popanda chitunda. Mukaseta tapeti ili pachitunda, ngakhale pang'ono, linunda likapita mpata udzatsala, ndipo injini idzalira ngati makina osokera.

MUULUTSI: Nanga camshaft ili m'kati mwa buloko, udziwa bwanji kuti linunda lili kuti?

MMISIRI: Maroka amakuuza. Tenga silinda imodzi. Ili ndi mavaluvu awiri, yolowetsa mpweya ndi petulo, ndi yotulutsa utsi. Ngati wasokonezeka, yotulutsa utsi ndi imene yayang'anizana ndi paipi ya ekizozi. Zunguza injini mbali imene imayendera, maso ali pa valuvu ya utsi. Ikangoyamba kutseguka, ima. Nthawi imeneyo tapeti ya valuvu yolowetsa ili kumsana kwa linunda, ndiye seta yolowetsayo. Ukatha, zunguzanso. Valuvu yolowetsa itseguka yonse, kenaka iyamba kubwerera. Ikatsala pang'ono kutsekeka, ima, n'kuseta ya utsi.

MUULUTSI: Ndibwereze ndione ngati ndagwira. Ya utsi ikayamba kutseguka, ndiseta yolowetsa. Yolowetsa ikamatsekeka, ndiseta ya utsi.

MMISIRI: Mwakhoza, mayi, mubwere mawa mudzayambe ntchito. Pa valuvu iliyonse kachitidwe ndi kamodzimodzi: khwefula nati mpaka pushirodi igwedere, manga pang'onopang'ono mpaka kugwedera kuthe, ona pamene chogwirira cha sipanala chaloza, zunguza theka modekha, n'kulemba choko pa roka. Chokocho musachipeputse. Foni ikalira uli pa valuvu ya nambala 11, pobwera sudzakumbuka.

MUULUTSI: Ena amati pali njira yachidule, yozunguza injini kawiri kokha.

MMISIRI: Ilipo, ndipo inalembedwa m'mabuku a Chevrolet. Masilinda a injini imeneyi amawomba motere: 1, 8, 4, 3, 6, 5, 7, 2. Ukaika pisitoni ya nambala 1 pamwamba, pa nthawi yake yowomba, umaseta mavaluvu a utsi a 1, 3, 4 ndi 8, ndi olowetsa a 1, 2, 5 ndi 7. Ukazunguza crankshaft kamodzi kathunthu, yafika nthawi ya nambala 6, umaseta a utsi a 2, 5, 6 ndi 7, ndi olowetsa a 3, 4, 6 ndi 8. Pa camshaft ya kufakitale imagwira bwino. Koma ngati mwaika camshaft ya malinunda aakulu, ya liwiro, chitunda chake chimayamba msanga n'kutha mochedwa, ndiye njira yachiduleyo ikhoza kukupezetsani tapeti ili pachitunda. Ine ndimayenda silinda imodziimodzi. Kuthamanga sikufika.

MUULUTSI: Tiyerekeze kuti munthu walakwitsa. Adziwa bwanji kuti walakwira mbali iti?

MMISIRI: Akamanga mosakwanira, injini imadandaula yokha. Umamva tcheketcheke pamwamba, mphamvu imachepako, ndipo kambale kaja kamamenya kawaya mpaka tsiku lina kawayako kadzathothoka. Koma kulakwa kumeneko kuli ndi ubwino umodzi: kumamveka. Koopsa ndi kumanga mopitirira pang'ono. Osati ngati ine ndinachitira, injini mpaka kukana kulira, koma pang'ono chabe. Injini imalira, phokoso palibe, mwini galimoto akumwetulira. Koma ikatentha, kapena ikathamanga kwambiri tapeti n'kudzaza oyilo mopitirira, valuvu sikhala pampando wake bwinobwino. Tsono valuvu ya utsi imazizira pokhudza mpando wakewo, ndi mmene imatayira kutentha kwake kochuluka. Ikapanda kukhala, moto umadutsa m'mbali n'kuidya ngati chiswe. Poyamba injini imanjenjemera ikaima, kenaka silinda imodzi imafa. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

MUULUTSI: Ndiye amene amamanga nati mpaka phokoso lithe, akuika galimoto pangozi.

MMISIRI: Kwambiri. Phokoso likhoza kuchokera kwina. Mwina tapeti yalowa zinyalala kampira sikakutseka, mwina oyilo sakufika, mwina linunda ladyeka. Pa mahedi akale a Chevrolet bawuti ya roka ndi yongokhomera, ilibe mazinga kunsi, ndiye nthawi zina imazuka pang'onopang'ono. Ukaona valuvu imodzi ikufuna kumangidwa sabata ndi sabata, goneka rula pamwamba pa mabawutiwo, uona imodzi yatalika. Manati akenso ndi odzigwira okha, akatha mphamvu amabwerera. Nati imene ikuyenda ndi zala popanda sipanala, itayeni.

MUULUTSI: Tabwerani kuno kwathu tsopano. Ma Chevrolet V8 ndi osowa, koma ma Range Rover ndi ma Land Rover a V8 timawaona.

MMISIRI: Mwafunsa bwino, chifukwa pamenepo nkhani imasintha. Injini ya Rover V8 ya malita 3.5 inachokera ku Buick ya ku America, Rover inayamba kuigwiritsa ntchito mu 1967, ndipo Range Rover yoyamba ya 1970 inatuluka nayo. Matapeti ake ndi oyendera oyilo, koma maroka a hedi iliyonse ali pa mtanda umodzi wautali wokhala pa timiyendo tinayi. Palibe nati yosetera. Ukamanga mabawuti, zatha. Ndiye anthu amaganiza kuti palibe choyeza, pamene ndi pomwe pafunika kuyeza kwambiri.

Taganizani zimene timachita pa ovaholo. Hedi tapita nayo kokasikima, yatsika. Gasiketi mwina taika yopyapyala kuposa yakale. Mipando ya mavaluvu taidula, ndiye mitu ya mavaluvu yakwera. Zonsezi zimawonjezera preload popanda wina kugwira nati. Camshaft ikakhala yopalidwanso, msana wake umachepa, preload n'kuchepa. Injini ya zaka 50 yadutsa m'manja ambiri, sudziwa kuti hediyo inasikimidwa kangati.

MUULUTSI: Ndiye mumayeza bwanji popanda nati?

MMISIRI: Manifolodi isanamangidwe, tapeti ili kumsana kwa linunda, timayeza mpata wa pakati pa kawaya ndi kambale. Timatenga timawaya tiwiri todziwika kunenepa kwake, kena theka la milimita, kena milimita imodzi ndi theka, n'kutipinda kunsonga ngati mbedza. Kakang'ono kalowe, kakakulu kakane. Tikapeza kuti kapisitoni katsika mopitirira, timaika timashimu kunsi kwa timiyendo tija kuti mtanda ukwere. Timashimuto tikhale tofanana pa timiyendo tonse tinayi, apo ayi mtanda upindika, ndipo tisatseke bowo lodutsa oyilo wopita ku maroka. Njira ina ndi kugula mapushirodi a utali woyenera. Ndipo muyeze matapeti onse 16, osati awiri n'kunena kuti enawo ndi chimodzimodzi.

MUULUTSI: Nthawi ikutithera, koma pali funso limene amakaniko amakangana: matapeti atsopano tiziwanyika mu oyilo usiku wonse kapena ayi?

MMISIRI: Kuwapaka oyilo kunja n'kofunika, ndipo kunsi kwake ndi pa malinunda pafunika mafuta apadera aja omangira injini. Koma kuwapopa mpaka alimbe musanasete, ine ndimakana. Tapeti yodzaza ukaimanga theka, m'malo moti kapisitoni katsike, valuvu ndi imene imatseguka, ndipo umayenera kudikira kuti oyilo atuluke. Setani ali opanda kanthu. Mukatha, zunguzani pampu ya oyilo ndi drill kudzera pa bowo la distributor mpaka oyilo atulukire pa maroka, chifukwa pa Chevrolet oyilo amakwera kudzera m'kati mwa mapushirodi.

Chinanso, matapeti akale musawaike pa camshaft yatsopano. Ngati mukubwezera akale pa camshaft yake yomwe, iliyonse ibwerere pa bowo lake, chifukwa inadyana ndi linunda lake. Ndipo camshaft ikakhala yatsopano, injini ikangolira musaisiye ikuyenda pang'onopang'ono. Ikwezeni kuti izizungulira ka 2,000 mpaka 2,500 pa mphindi, ikhale choncho kwa mphindi 20 kapena 30, ndi oyilo wokhala ndi zinc wokwanira, kuti malinunda alandire oyilo wambiri pamene akuzolowerana ndi matapeti. Mukamva tcheketcheke pa mphindi zoyamba, musathamangire sipanala. Matapeti akumwa oyilo. Ngati munaseta bwino, phokosolo lizilala lokha, limodzi ndi limodzi, mpaka mutsale ndi kulira kwa injini kokha.

MUULUTSI: Nanga pikiapu ya ku Johannesburg ija inatha bwanji?

MMISIRI: Ndinamasula makavala usiku womwewo, ndekha, nditaunikira tochi. Mavaluvu 16, choko m'thumba. Itakwana 11 koloko inalira kamodzi n'kamodzi. Nsidze zinamera patapita mwezi.

MUULUTSI: Omvera, sabata yamawa nthawi ngati yomwe ino tidzakamba za kuika distributor ndi kutchera nthawi ya moto pa injini yomweyi. Ngati muli ndi mafunso, tilembereni. Tsalani bwino, ndipo musaiwale kubwezera waya wa batire.

[NYIMBO YOTSEKERA]